TIKUMBUKIRE MAI CHARLOTTE MAXEKE, MKRISTU WA NCHITO

Mu mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu opita ku migodi ya golide ankauchula kuti Joni, muli cipatala cacikuru cimene kuyambira caka ca 2008 cidziwika ndi dzina la Charlotte Maxeke. Odwala ambirimbiri alowa pa cipata cace tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo ndi ana a kuno kwathu amene anapita kukafuna nchito. Koma mukafunsa kuti mwini dzinali anali yani, ambiri angoti kakasi. Ena aganiza kuti anali dotolo, ena ayesa kuti anali mkazi wa nduna ya Boma. Iai ndithu. Anali mai wa mpingo, woimba kwaya, mphunzitsi wa ana, ndiponso mtsogoleri wa amai a Cikristu, amene anatumikira Mulungu ndi anthu a mtundu wao kufikira tsiku la imfa yao.

Ife tifuna kuwakumbukira cifukwa ca nkhani imodzi imene ivuta m'mipingo yathu ndi m'makomboni mwathu. Nkhaniyo ndi iyi: kodi Cikristu ca munthu cithera pati? Kodi cithera pa khomo la chalichi mapemphero a pa Sabata akatha, kapena cimtsata munthu kunka naye ku sukulu, ku bwalo la milandu, ku ndende ndi ku ofesi ya Boma? Moyo wa Mai Maxeke uyankha funso limeneli bwino kuposa maulaliki khumi.

MTSIKANA WA KWAYA

Dzina lao la pa ubwana linali Charlotte Manye. Boma la South Africa liwerenga tsiku lao lobadwa kuti ndi 7 April 1871, ndipo ndico cifukwa cace linapatula caka ca 2021 kukhala caka cowakumbukira, pokwana zaka 150. Atate ao, a mtundu wa kwa Ramokgopa kumpoto kwa Transvaal, anali kapitao wa anthu okonza miseu ndiponso mlaliki mu mpingo wa Presbyterian. Amai ao anali Mxhosa. Anaphunzira pa sukulu za mishoni ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth, ndipo banja litasamukira ku Kimberley, mzinda wa migodi ya daimondi, anayamba kuphunzitsa ana ndi kuimba nyimbo.

Mau ao anali okoma kwambiri, kotero kuti mu 1891 anasankhidwa pamodzi ndi mng'ono wao Katie kulowa m'kwaya ya anthu akuda imene inaoloka nyanja kupita ku England. Colinga ca ulendowo cinali kupeza ndalama zomangira sukulu ya nchito zamanja kwao. Anaimba m'mizinda yambiri, anaimbanso pamaso pa Mfumukazi Victoria. Koma ndalama zomangira sukuluyo sizinaoneke. Pa ulendo waciwiri, wa ku Canada ndi ku America, Azungu amene anali kuyendetsa kwayayo anawathawa oimbawo, kuwasiya m'dziko lacilendo opanda ndi kobiri lomwe la ulendo wobwerera.

Taganizani, inu amai amene muli ndi ana akazi, mwana wanu atasiyidwa tsidya la nyanja, kopanda mbale, kopanda nkhoswe. Amene anawatola oimbawo anali anthu a mpingo wa African Methodist Episcopal, umene tiudziwa ndi dzina lalifupi la AME. Mpingo umenewu unakhazikitsidwa ku Philadelphia mu 1816 ndi Richard Allen, munthu amene anabadwa kapolo nadziombola yekha. Iye ndi anzace anaturuka m'chalichi ca Azungu a Methodist cifukwa anthu akuda ankawasankhira pokhala paokha, kufikira kuwanyamutsa ali cigwadire kupemphera. Tsono anthu otere anadziwa bwino cimene citanthauza kutayidwa, ndipo sanacedwe kuthandiza.

Anawapezera malo pa Wilberforce University m'cigawo ca Ohio, sukulu yaikuru imene mpingowo unali kuyendetsa. Mmodzi wa aphunzitsi ao kumeneko anali W. E. B. Du Bois, munthu wakuda wophunzira kwambiri amene mbiri yace inamveka dziko lonse. Mai Maxeke anatsiriza maphunziro ao ndi digiri ya B.Sc., ndipo anakhala mkazi wakuda woyamba wa ku South Africa kulandira digiri.

KALATA IMENE INABALA MPINGO

Ali ku Ohio ankalembera makalata mng'ono wao Katie, amene anali atabwerera kwao. M'makalatamo ankafotokoza zodabwitsa zimene anaona: mpingo umene mabishopu ace ndi akuda, abusa ace ndi akuda, sukulu zace ziyendetsedwa ndi akuda, ndipo palibe Mzungu amene awagwira dzanja. Makalatawo anafika m'manja mwa mbale wa banjalo, Mbusa Mangena Mokone. Mbusayu anali atacoka mu mpingo wa Wesleyan mu 1892 cifukwa ca tsankho pakati pa abusa oyera ndi abusa akuda, ndipo anayamba mpingo wace wochedwa Ethiopian Church. Atawerenga, analembera Bishopu Henry McNeal Turner ku America. Mu 1896 mipingo iwiriyo inalumikizana, ndipo mu 1898 Bishopu Turner anabwera yekha ku South Africa kudzadzoza abusa.

Kucokera kumeneko mpingo wa AME unafalikira kumpoto potsata anthu a nchito obwerera kwao. Mu 1924 Mbusa Hanock Msokera Phiri anafika nao ku Kasungu m'dziko la Nyasaland, limene tsopano ndi Malawi. Mphwace wa mbusayo, Hastings Kamuzu Banda, anapita ku America mu 1925 ndi cithandizo ca mpingo womwewo, nakaphunzira pa Wilberforce pomwepo. Ndipo m'Zambia muno mpingo wa AME ulipo kufikira lero, ku Copperbelt, ku Lusaka ndi kwina. Inu a AME, pamene mulowa m'chalichi canu, dziwani kuti njira imene mpingo wanu unadzera inalambulidwa ndi makalata a mtsikana wa sukulu olembera mng'ono wace.

ANABWERERA KWAO

Munthu wa digiri m'masiku amenewo akadatha kukhala ku America ndi kudya bwino. Mai Maxeke anabwerera. Anapita kwao kwa atate ao, kwa Ramokgopa, kumudzi kopanda magetsi ndi kopanda mseu wabwino, nayamba sukulu ndi nchito ya mpingo. Mu 1903 anakwatiwa ndi Mbusa Marshall Maxeke, amene anaphunzira naye pamodzi ku Wilberforce. Awiriwo anali pakati pa anthu amene anakhazikitsa sukulu ya Wilberforce Institute ku Evaton, kumwera kwa Johannesburg, mu 1908. Pambuyo pace anakaphunzitsanso pakati pa Athembu ku Transkei, poitanidwa ndi mfumu ya kumeneko.

Mu mpingo anatsogolera bungwe la amai la Women's Missionary Society zaka zambiri. Nchito ya bungwelo muidziwa inu nomwe, pakuti ndi yomweyo imene amai a kuno agwira: kusonkha ndalama, kuceza ndi odwala, kulangiza atsikana, kutonthoza ofedwa, kusesa ndi kuzira nyumba ya Mulungu. Mai wa digiri sanaione nchito imeneyi ngati yaing'ono. Ndipo m'menemo ndi mmene anaphunzirira kusonkhanitsa amai, kuwamva madandaulo ao, ndi kuwalankhulira. Sukulu ya Ohio inawapatsa Cingerezi ndi pepala, koma utsogoleri anauphunzira pa mkeka pakati pa amai anzao.

NKHANI YA CITUPA

Pa 8 January 1912 atsogoleri a anthu akuda anasonkhana ku Bloemfontein nayamba bungwe limene pambuyo pace linachedwa African National Congress. Mai Maxeke anali pomwepo. Koma malamulo a bungwelo sanalole akazi kukhala mamembala enieni okhala ndi voti kufikira caka ca 1943, iwo atamwalira kale. Ife amene tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi tidziwa bwino kuti munthu amene dzina lace mulibe m'buku salandira malipiro pakutha pa mwezi, ngakhale atakhetsa thukuta masiku onse. Amai a nthawi imeneyo anali otero: nchito anagwira, koma m'buku munalibe maina ao.

Mai Maxeke sanakhale pansi kudikira kuti amuna asinthe mtima. Boma linali kufuna kuti akazi nawonso azinyamula mapasi, monga mmene makolo athu kuno ankanyamulira citupa, cija anacitentha mu 1961. Amai a ku Bloemfontein anali atakana kale mapasiwo mu 1913, ndipo ambiri analowa nazo m'ndende. Caka comweco kunaturuka lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda kacigawo kakang'ono, pafupifupi magawo 7 pa 100 a dziko lao lomwe. Tsono mu 1918 Mai Maxeke anayamba bungwe la amai lochedwa Bantu Women's League, nakhala mtsogoleri wace, ndipo anatsogolera nthumwi za amai kukaonana ndi Nduna Yaikuru ya dzikolo, Louis Botha. Anamfotokozera cimene pasi icita kwa mkazi: wapolisi aliyense angathe kumuimitsa pa mseu, kumsecha, kumgoneka m'selo, ana nkugona okha kunyumba. Boma linabweza dzanja, ndipo kwa zaka zambiri akazi sanakakamizidwe kunyamula mapasi m'dziko lonse.

Anaimanso pamodzi ndi anchito pa nkhani ya malipiro, nathandizana ndi bungwe la anchito la ICU, limene linayambidwa ku Cape Town mu 1919 ndi Clements Kadalie, mwana wa ku Nyasaland. Kodi mai wa mpingo afunanji pa msonkhano wa anchito a pa doko ndi a m'mafakitale? Yankho lace ndi lapafupi. Amai amene ankapemphera nao pa Cinai ndi omwewo amene amuna ao ankabwera ndi malipiro osakwana ndi thumba la ufa lomwe.

KU KHOTI NDI KU NDENDE

Nchito imene ife tiilemekeza koposa zonse ndi imene anagwira ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1920. Anatsegula ofesi yothandiza anthu akuda kupeza nchito, makamaka atsikana ofika kumene kucokera ku midzi, amene akadagwa m'manja mwa anthu oipa. Ndiponso anakhala mkazi wakuda woyamba kupatsidwa udindo pa bwalo la milandu woyang'anira ana ndi amai opalamula. Ankakhala m'khoti kumva milandu, kulankhulira mwana wopanda womlankhulira, kufuna abale ace, ndi kupempha woweruza kuti ampereke m'manja mwa anthu omsunga m'malo momponya m'ndende. Ankalowanso m'ndende za akazi kukaceza ndi kupemphera ndi akaidi.

Ambiri mwa akazi amenewo anamangidwa cifukwa cophika mowa. Akristu ena akadangoti acimwa okha, alandire zao. Mai Maxeke sanali kukonda mowa, koma anafunsa funso limene ena anaopa kufunsa: nanga ncifukwa ninji mai wa ana aphika mowa podziwa kuti apolisi adzamgwira? Mu 1930, pa msonkhano wa ophunzira a Cikristu akuda ndi oyera ku Fort Hare, analankhula poyera za moyo wa amai ndi atsikana akuda. Anasonyeza kuti mabanja apasuka cifukwa amuna acoka kumudzi kukafuna nchito, kuti m'mizinda mulibe nyumba zokwanira banja, ndi kuti malipiro ndi ocepa. Anthu a ku makomboni a Nkana, Mufulira ndi Luanshya sasowa wowamasulira mau amenewo.

Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tonse tiudziwa mwambiwu, koma owerengeka okha ndiwo aunyamula kupita nao ku khoti pa tsiku la mlandu wa mwana wa eni.

Amuna ao anamwalira mu 1928, koma iwo sanaleke nchito. Caka comweco anapitanso ku America ku msonkhano waukuru wa mpingo wao. Mu 1930 Dr. A. B. Xuma analemba kabuku kofotokoza moyo wao, ndipo mu 1935, pa msonkhano wa All-African Convention ku Bloemfontein, anawachula kuti mai wa ufulu wa anthu akuda. Mu 1937 anasankhidwa kutsogolera bungwe lina la amai, National Council of African Women. Anamwalira ku Johannesburg pa 16 October 1939.

KUYANKHA OTSUTSA

Tsopano tiyankhe anthu a mitundu iwiri amene timawamva.

Oyamba ndi aja a m'chalichi amene anena kuti Mkristu, makamaka mkazi, asamalowerere za dziko. Nchito yace ndi kuimba, kupereka cakhumi ndi kudikira Kumwamba. Abale, tiwafunse awa: pamene oimba aja anatayidwa ku America, a AME akadangowapempherera nkuwasiya pa mseu, kodi mukadawachula Akristu? Pamene mwana wa zaka khumi ndi ziwiri aimirira yekha pamaso pa woweruza, kodi kulowa m'khotimo ndi kukamuimira ndi za dziko kapena za Mulungu? M'buku la Macitidwe timva za Dorika wa ku Yopa, amene akazi amasiye anamlira posonyeza zobvala zimene anawasokera. Dorika anaona usiwa nasoka malaya. Mai Maxeke anaona kuti usiwa wa m'masiku ao unali kusokedwa m'maofesi a Boma ndi malamulo a mapasi, a malo ndi a malipiro, tsono anapita komweko. Mtima ndi umodzi womwewo.

Aciwiri ndi anyamata ena ophunzira amene anena kuti chalichi ndi mankhwala ogonetsa tulo amene Azungu anabwera nao, ndi kuti anthu onga Mai Maxeke anali ofatsa mopitirira, ongolemba makalata a madandaulo ndi kukhala pa misonkhano pamodzi ndi Azungu. Awonjeza kuti mapasi aja anabwerabe kwa akazi kuyambira mu 1956. Izi nzoona, mapasi anabwera, ndipo lamulo lace linatha mu 1986. Nzoonanso kuti m'mipingo yambiri munali tsankho. Richard Allen ndi Mangena Mokone ndiwo mboni zace. Koma taonani. Pa 9 August 1956 amai pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana mapasi, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Kodi amai oculuka cotero anaphunzira kuti kusonkhana ndi kuima pamaso pa Boma? Munda umene anakolola mu 1956 unali utalimidwa kale mu 1913 ndi mu 1918. Munthu amene adya nsima asamanyoze amene anasosa munda. Ndipo mai amene anayang'anana maso ndi maso ndi Louis Botha, pa nthawi imene ngakhale bungwe la amuna a mtundu wace linali lisanalembe dzina lace, sitingamuchule wogona tulo.

NANGA IFE?

Nkosavuta kulemekeza munthu wakufa. A ku South Africa anapereka dzina lao ku cipatala, ku miseu, ngakhale ku sitima ya nkhondo yoyenda pansi pa madzi. Koma tisaiwale kuti mai ameneyu, amene anathandiza kubweretsa mpingo wonse ku Africa, sanadzozedwe ubusa. Mpingo wa AME unasankha bishopu wace woyamba wamkazi, Vashti Murphy McKenzie, mu 2000, patapita zaka 61 cimwalirire Mai Maxeke. Ulemu unafika, koma unafika mwini wace ali m'manda.

Kuno kwathu amai otere tiri nao. Ali m'Cigwirizano ca Amai, ali m'Mvano, ali m'Mothers' Union, ali m'mabungwe a amai a Katolika, a UCZ ndi a AME. Pakagwa maliro m'komboni, ndani afika poyamba, nagona pansi usiku wonse ndi wofedwa? Wodwala akagonekedwa m'cipatala wopanda mbale, ndani ampititsira phala? M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anali kutha anthu ndipo mankhwala anali asanafike, ndani anasambitsa odwala m'nyumba zao ndi kutola ana amasiye? Tonse tidziwa yankho. Koma pa msonkhano wokamba za ndalama za mpingo, kapena posankha akuru a mpingo ndi a komiti ya sukulu, amai omwewo kawirikawiri tiwapeza kuseri kwa nyumba, pa moto, alikuphikira amuna amene ali m'kati kugamula nkhani.

Tsono ife tipempha zinthu zitatu.

Coyamba, kwa abusa ndi akuru a mipingo: mai amene mwamkhulupirira kusunga wodwala wakufa mawa, mkhulupirireninso kusunga buku la cuma ndi kukhala pa mpando. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la mpingo silingaimirire mizati ya mbali imodzi yokha.

Caciwiri, kwa makolo: ndalama ya sukulu ikacepa m'nyumba, musathamangire kucotsa mwana wamkazi kuti mwamuna apitirire. Mai Maxeke anafika kumene anafika cifukwa anthu osamdziwa, a dziko lina, anaona mtsikana wosowa nati tiyeni timlipirire sukulu. Mpingo uliwonse, ngakhale wa udzu, ungathe kusonkha ndi kunyamula mtsikana mmodzi kufikira atatsiriza. Kupatsa nkuika.

Cacitatu, kwa inu amai a mabungwe: nchito yanu ya maliro ndi ya odwala musaisiye, pakuti ndi yopatulika. Koma muwonjezepo iyi. Mtsikana wa m'komboni mwanu akakwatitsidwa ali mwana, mkazi wamasiye akalandidwa katundu ndi abale a mwamuna, mwana akatsekeredwa m'selo pamodzi ndi akuru, bvalani yunifomu yanu yomweyo mupite kwa mfumu, ku polisi, ku khoti ndi kwa khansala. Mupite ambiri, mulankhule mwaulemu, ndipo musabwerere osamva yankho. Wina akakufunsani kuti amai a chalichi mufunanji kuno, muuzeni za Mai Charlotte Maxeke.

Ndipo pa 16 October, tsiku limene anatisiya, mabungwe a amai apatule kanthawi kosimba mbiri yao kwa atsikana. Mukatha kusimba, tengani buku la mpingo mulembemo maina a amai okalamba a pa mpingo panu amene atumikira zaka makumi atatu kapena anai osalandira kanthu. Muwawerenge mainawo mokweza pa Sabata, eni ace akali ndi moyo ndipo makutu ao akali kumva.